Mvula Imene Inagwa pa Munda wa Mayi Gerda Pokha

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba Lachiwiri loyamba la mwezi wa Febuluwale chaka chatha. Yachiwiri ndinaitumiza Pasaka atangopita. Yachitatu ndinapita nayo ndekha ku positi ofesi kuno ku Tottenham m'mwezi wa Ogasiti, ndinasankha njira yoti wolandira asainire, ndipo kapepala kosonyeza kuti anasainadi ndili nako. Zonse zitatu zinapita kwa a komiti ya mbiri ya kamudzi kena ka ku Jeremani, m'chigwa cha mtsinje wa Mosel, kumene anthu amalima mphesa. Yankho limene ndalandira mpaka lero ndi khadi limodzi lojambulidwa botolo, londiitanira ku chikondwerero cha vinyo. Ine sindinapemphe vinyo.

Chimene ndikudandaula ndi ichi. Komitiyi inasindikiza kabuku ka mbiri ya mudziwo, ndipo mwana wanga Misozi atakapeza pa intaneti anandigulira. Chapakati pa kabukuko pali chithunzi cha anthu ali pamzere pa masitepe a phiri, madengu ali kumsana. Pansi pake analemba kuti anthu a m'mudzi akukonza munda umene mvula inawononga. Amuna onse amene akuoneka anawatchula mayina. Kamwana kakuda kovala kabudula, kopindika ndi dengu, anakatchula kuti “mwana wa mlendo”. Mwanayo ndine, ndipo zimenezo sizindivuta chifukwa ndinalidi mwana wa mlendo. Koma mayi wa duku woima pakati, manja ali m'chiuno, anangoti “sakudziwika”. Ameneyo ndi Mayi Gerda. Mundawo unali wawo, ndipo pakanapanda iwo bambo anga akanabwezedwa kwathu maphunziro ali pakati.

Misozi amandiseka akandipeza ndayala mapepala pa tebulo. “Adadi, ndi ka caption chabe. Mufuna BP ikwere pa zinthu za fifty years ago?” Ndimamuyankha kuti akhale pansi amve. Sakhala, amakhala akuthamangira sitima. Ndiye ndaganiza zolemba.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinachoka ku Katete. Bambo anga anasankhidwa kuti akaphunzire kayendetsedwe ka makopaletivi a alimi, ndipo anawatumiza ku kopaletivi ya alimi a mphesa m'kamudzi kameneka. Kutenga banja kunali kosachitikachitika. Wansembe wa kumeneko ndi amene anavutika ndi mapepala mpaka ine ndi mayi tinaloledwa. Nyumba zingapo zinakana kutisunga. Amene anavomera anali Mayi Gerda, ndipo anatipatsa zipinda ziwiri zam'mwamba.

Mudziwo unali ndi msewu umodzi wotsata mtsinje, tchalitchi, ndi nyumba zotsamirana ngati anthu oledzera pang'ono. Ukamadutsa m'mawa unkamva fungo la migolo ya vinyo likutuluka m'zipinda zapansi, fungo lozizira, lowawasa. Kuseri kwa nyumba phiri linkangoima chiriri, ndipo minda ya mphesa inali pa phiripo, potsetsereka moti munthu akamalima ankaoneka ngati wakwera khoma. Mpesa uliwonse unali womangidwa pa mtengo wakewake. Ankati mphesa zinafika m'chigwacho kalekale ndi Aroma, ndipo kuyambira pamenepo anthu a m'mudzimo akhala akukwera phiri lomwelo. Belu la tchalitchi ndi limene linkalamula ntchito. Likalira kuti kukolola kwayamba, onse ankakwera. Likalira kuti siyani, ngakhale mwini munda ankatsika.

Amuna a msinkhu wa Mayi Gerda anali ochepa. Mayina a ambiri anali pa mwala wa kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo la amuna awo linali pomwepo. Anapita ku nkhondo atangokwatirana, osabwerera. Mwana analibe. Anali mayi wamfupi, wa mikono ikuluikulu, wosaseka wamba. Buledi ankamudula atamukumbatira pachifuwa, mpeni ukulunjika kwa iwo eni, ndipo mayi anga ankatseka maso nthawi zonse akaona zimenezo. Chijeremani changa choyamba ndinachiphunzira pa tebulo lawo: ndikalakwitsa mawu ankagogoda tebulo ndi supuni, ndikakhoza ankandiwonjezera jamu. Nsapato zanga zitang'ambika anazitenga osandifunsa, n'kubwera nazo zitasokedwa. Ndinkafunitsitsa nditawachitira chinthu.

Tsiku lina ndinatumidwa kukapatsa Mayi Gerda chakudya kumunda kwawo, pamwamba ndithu pa phiri, ndipo zimene ndinaona zinandimvetsa chisoni. Munda wonse unali miyala yokhayokha, miyala yakuda yaphwatalala, yofanana ndi sileti imene tinkalembapo kusukulu kwathu. Dothi silinkaoneka n'komwe. Kwathu ku Katete kutola miyala m'munda ndi ntchito ya ana. Tinkaitola n'kukaiunjika m'malire, chifukwa miyala imabunthitsa khasu, ndipo munda wa miyala umachititsa manyazi mwini wake. Ndinayang'ana minda ya anthu ena, nayonso inali chimodzimodzi, koma sindinadzifunse chifukwa chake. Ndinangoti anthu a kuno ana awo ndi aulesi, ndipo Mayi Gerda alibe ngakhale mwana waulesiyo. Ndinapeza mphatso yanga.

M'mwezi wa Ogasiti sukulu inali yotseka, ndipo mudzi wonse unkapita kuseri kwa phiri, ku chidikha cha kumtunda, kukakolola tirigu. Mayi anga nawo ankapita kukathandiza Mayi Gerda. Ine ndinatenga ndowa yakale n'kukwera. Masiku atatu ndinatola miyala. Ndikadzaza ndowa ndinkaikhuthula kuseri kwa kakhoma, miyalayo n'kutsetsereka yokha mpaka mu ngalande ya pansi pa phiri, ikulira ngati mbale zosweka. Phokoso limenelo linkandikoma kwambiri. Zala zinachekeka, msana unapsa ndi dzuwa, koma ndinayeretsa mizere isanu. Pomaliza ndinathyola nthambi n'kusesa, kuti pakhale ngati pabwalo pa nyumba ya munthu waukhondo.

Madzulo a tsiku lachitatu, Mayi Gerda atangotsika kuchokera ku tirigu, ndinawagwira dzanja. Anali otopa, koma anakwera nane masitepe onse aja. Titafika ndinatambasula manja ngati wamalonda woonetsa nsalu.

Sanakalipe. Anayang'ana mizere ija, anasuzumira kuseri kwa kakhoma, kenako anakhala pansi pa sitepe. Dzuwa linali litabisika kale kuseri kwa phiri la tsidya, ndipo kamphepo kozizira kanayamba kukwera kuchokera kumtsinje.

“Petulo, bwera kuno,” anatero.

Anagwira dzanja langa n'kuliika pa dothi limene ndinasesa. Linali lozizira. Kenako anandikokera ku mzere wachisanu ndi chimodzi, umene sindinaufike, n'kuika dzanja lomwelo pa mwala. Unali wofunda ngati mutu wa khanda.

“Dziko lino ndi lozizira,” anatero pang'onopang'ono kuti ndimve. “Mphesa sizikanapsa kuno. Masana miyala imamwa dzuwa, usiku imazipatsa mphesa. Mvula ikabwera, miyala ndi imene imagwira dothi. Ukuganiza kuti inamera yokha pano? Chaka chilichonse imatsetsereka, chaka chilichonse timaikweza pamsana. Ina mwa iyi anaikweza agogo a amuna anga. Ina anaikweza amuna anga. Yotsalayo ndinaikweza ine.”

Sindinalire pomwepo. Ndinalira titafika pakati pa masitepe potsika.

Mayi anga atamva anandigwira khutu mpaka ndinaima ndi zala za kumapazi. “Iwe Petulo, anakutuma ndani? Pakamwa anakupatsira chiyani Mulungu? Safunsa anadya phula!” Kenako anatsika kukhitchini n'kugwada pamaso pa Mayi Gerda monga timachitira kwathu, akuwomba m'manja mofatsa. Mayi Gerda anachita mantha, nawadzutsa mowakoka m'khwapa ngati akunyamula thumba la mbatata.

Bambo anga sanandimenye. Anandikhazika pabedi n'kundifotokozera. M'mudzimo munali mlonda wa minda, ndipo chilichonse chowonongeka m'minda ya mphesa ankachilemba m'buku lake. Ngati wawononga ndi munthu, dzina lake linkawerengedwa pa msonkhano wa mudzi. Akuluakulu a kopaletivi ankatumiza lipoti la khalidwe la bambo kwa amene anawatumiza kudzaphunzira, ndipo ena mwa akuluakuluwo sanafune n'kale kuti mlendo abwere ndi banja.

“Kuno mphesa ndi ng'ombe zawo,” anatero bambo. “Ukanakhala kwathu n'kutsekula khola la munthu, ukuganiza kuti tikanakhalabe m'mudzi?”

Mayi anatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati n'kuyamba kupukuta fumbi.

M'mawa mwake kunabwera mlonda uja, Bambo Alois, munthu wamtali wotsimphina, amene ankayenda ndi mfuti yoopsezera mbalame. Iye ndi Mayi Gerda anakulira limodzi. Mlondayo anali atadutsa kale kumundako. Anakhala pa tebulo la kukhitchini, anatulutsa kabuku kakuda, nanyambita nsonga ya pensulo. Bambo anandiimika pambali pawo, dzanja lawo lili paphewa panga.

“Gerda, ndilembe chiyani?”

“Lemba mvula.”

“Mvula? Masabata atatu kulibe ngakhale kamtambo. Mbatata zanga zikufota.”

“Kwako sinagwe. Inagwa pa munda wanga pokha.”

“Mvula yotola miyala ndi ndowa, n'kusesa pomaliza?”

“Ya masiku ano ili choncho.”

Bambo Alois anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Mvula yovala kabudula,” anatero.

Bambo anga anali munthu wosadziwa kunama. Anatsokomola n'kuyamba: “Pepani, koma zoona zake n'zakuti mwana wanga...”

“Bambo Sakala,” anawadula Mayi Gerda, “munda uja ndi wa ndani?”

“Ndi wanu, mayi.”

“Ndiye chimene chinagwamo ndikuchidziwa ndine.”

Bambo Alois anaika pensulo pansi. “Ukudziwa chimene ukundipempha? Ndikalemba mvula, Loweruka ndiliza belu. Anthu asiya tirigu wawo ali pakati.”

“Ine ndinasiya wanga kangati chifukwa cha munda wako?”

Anapukusa mutu, natola pensulo, nalemba. Nthawi imeneyo sindinamvetse za belu. Bambo anandiuza pambuyo pake kuti mwambo wa mudziwo unali wakuti munthu akawononga munda amakonza yekha ndi banja lake, koma mvula ikakokolola munda wa wina, mudzi wonse umakwera kukathandiza, chifukwa mvula sisankha, mawa idzakhala kwa iwe. Ife atatu ndi Mayi Gerda tikanatha masabata tikukweza miyala ija, mphesa zili pa dothi lozizira nthawi imene zimafuna kutentha kwambiri. Mawu amodzi aja anapulumutsa bambo anga, n'kuitananso mudzi.

Loweruka belu linalira m'mamawa, ndipo anthu anabwera. Si onse amene anabwera mokondwa. Ndinaona nkhope zina zolimba, ndipo mkulu wina wa kopaletivi sanatipatse moni. Koma anabwera, aliyense ndi dengu lalitali la kumsana, la malamba a chikopa. Panalibe amene sankadziwa zoona. Mayi Gerda anandipatsa kadengu kakang'ono, nandimanga malamba okha, nawerama kufika pa khutu langa.

“M'buku mwalembedwa mvula, koma ine ndi iwe tikudziwa. Uyamba ndiwe, umalizanso ndiwe.”

Kutsitsa miyala ndi ndowa kunali masewera. Kuikweza ndi nkhani ina. Ulendo wachitatu malamba anali atandidula m'mapewa. Amuna ankandipitirira akupuma mwamphamvu, akundiseka. “Fulumira, Mvula! Potsika unali ndi liwiro!” Wina anati, “Chaka chamawa ukagwe pa munda wa apongozi anga.” Dzina limenelo linandikakamira mpaka tsiku limene tinachoka m'mudzimo, ndipo ngakhale wansembe ankanditchula choncho.

Mayi anga anayesa dengu la kumsana ulendo umodzi, n'kulivula. Anapinda chitenje kupanga nkhata, anasenza dengu lodzaza pamutu, nakwera masitepe opapatiza aja manja ali lendelende. Amayi a m'mudzimo anaima kukamwa yasa, ena akufuula kuti agwa. Sanagwe. Atafika pamwamba anayang'ana mzere wa anthu pansi pawo n'kuuza bambo m'chinenero chathu: “Bambo a Petulo, koma ili ndi dima. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno saimba.” Nayamba okha kanyimbo kolimira, motsitsa mawu. Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira kuyambira tsiku la masutikesi.

Miyalayo sankangoikhuthula. Mayi Gerda anagwada n'kundisonyeza kayalidwe kake: yaikulu pansi, yopyapyala pamwamba, mozungulira tsinde la mpesa uliwonse, ngati ukufunditsa wodwala. Mphunzitsi wa pasukulu ndi amene anajambula chithunzi chija chakumasana. Dengu lomaliza ndinakweza ine, anthu onse atakhala kale pa kakhoma akudya buledi ndi soseji. Nditalitula, Bambo Alois anakweza tambula ya vinyo n'kunena kuti, “Kwa mvula. Isabwerenso.” Onse anaseka, ngakhale mkulu wa kopaletivi uja. Ine anandipatsa madzi a mphesa.

Mizere isanu ija inachedwa kupsa chaka chimenecho, ndipo Mayi Gerda anaikolola pomalizira penipeni. Ndinawaona akulawa mphesa imodzi, nkhope n'kukwinyika pang'ono. Sanandidzudzule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Bambo anamaliza maphunziro awo, tinabwerera kwathu, ndipo anagwira ntchito ndi makopaletivi a alimi mpaka kupuma. Ine moyo unandifikitsa kuno ku London, kumene ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yosunga mafailo a odwala pa chipatala china. Achinyamata akabwera kumene ankafuna kuyeretsa mashelefu sabata yoyamba yomwe, ndipo ankanditcha nkhalamba yokonda zinyalala. Ndinkawauza kuti usanataye chinthu, yamba wafunsa amene anachibweretsa ndi chifukwa chake. Chimene chikuoneka ngati chisokonezo kwa mlendo nthawi zambiri ndi thukuta la munthu wina. Mtima wabwino wosafunsa umawononga mofanana ndi mtima woipa. Ndinaziona ndi maso anga pa mizere isanu.

Koma phunziro lalikulu ndalimvetsa nditakula. Mayi Gerda anandibisa kwa mudzi, koma sanandibise kwa ine mwini. Akanatha kundipereka kuti ndilangidwe, kapena kundisisita mutu n'kunena kuti ndi mwana, zisiyeni. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anachotsa dzina langa m'buku n'kundiika dengu kumsana. Ana anga ndayesa kuwalera motero, ngakhale sindinakhoze nthawi zonse.

Mayi Gerda ankatilembera khadi Khrisimasi iliyonse mpaka manja anawakana. Makadiwo ndili nawo onse, m'failo yobiriwira, motsatana zaka. Ndili nachonso chithunzi chomwe chija, chimene anatipatsa tsiku lotsazikana, ndipo kuseri kwake analemba ndi dzanja lawo dzina lawo lonse ndi mawu akuti “tsiku la mvula”. Nditapuma pa ntchito ndinapita kumudziko ndi Misozi kuti ndikaone manda awo. Sitinawapeze. Kumeneko manda amakhala zaka zowerengeka, ndipo ngati palibe wachibale wopempha kuti nthawiyo iwonjezedwe, mwala amauchotsa n'kuikapo munthu wina. Tinakwera phiri. Minda yotsetsereka kwambiri achinyamata anaisiya, ndipo pa munda wa Mayi Gerda pamera minga yofika m'chiuno. Ndinalowetsa dzanja pansi pa mingayo n'kupeza miyala ikadalipo, yofunda. Mayiyu alibe mwana, alibe manda, alibe munda. Malo okhawo amene dzina lake lingakhale m'mudzi umene anaukwezera miyala moyo wake wonse ndi pansi pa chithunzi chija.

M'makalata anga atatu ndinapempha zinthu ziwiri: kuti dzinalo lilembedwe, ndiponso kuti bodza la mvula likonzedwe, popeza ndine munthu wosakonda pepala lonena zabodza. Polemba nkhani ino ndaona kuti pempho lachiwirilo ndinalipereka mosafunsa, monga ndinachitira ndi ndowa ija. Mawu amenewo anawaika pamenepo ndi mwini munda, akudziwa chimene akuchita. Si anga kuti ndiwachotse.

Choncho, kwa a komiti ya mbiri ya mudzi, amene mulandire nkhani ino m'Chijeremani pamodzi ndi fotokope ya kuseri kwa chithunzi ndi ya makadi atatu osonyeza kuti dzanja ndi lomwelo: pempho langa lokhudza mvula ndalibweza, mawuwo muwasiye momwe alili. Chimene ndikupempha mwaulemu, kachinayi tsopano, n'chakuti pamene munalemba kuti “sakudziwika” mulembepo dzina la Mayi Gerda, ndi kuti mundawo unali wawo. Ndikupemphanso kuti mundiyankhe ndi kalata yosainidwa ndi munthu amene ali ndi dzina, yondiuza ngati mutero ndiponso liti.